Mwala Umene Sunali pa Pulani

Nyumba ya Liyawo anaitsegulira alendo mu Juni, ndipo kuyambira pamenepo Layson sanatope kuwanyengerera amayi ake kuti akaione. Mayi Zelifa ankangokana. Lero ndi miyendo, mawa ndi mpunga uli padzuwa, mkuja kuli zovuta kwa Malengachanzi. Munthu woti anakolopa nyumba imene ija zaka zisanu ndi zitatu, ankatero, akaonako chiyani chachilendo?

Liyawoyo anali Mtchaina. Anabwera kale, a Zelifa akali mtsikana, kudzaphunzitsa anthu kuoka mpunga m'mizere, ndiye Nkhotakota inamukomera mpaka anamanga nyumba yonga za kwawo: denga lopindikira m'mwamba m'makona, bwalo pakati, kuseri dimba la maluwa ndi dziwe. Atakalamba anabwerera kwawo kukafera, nyumba n'kusanduka ya mileme ndi mbuzi. Chaka chatha kunatulukira mdzukulu wake, mayi wamfupi wovala magalasi amene antchito ankangomuti Madamu, atanyamula mapepala akale a agogo ake, nayamba kukonza chilichonse monga mmene mapepalawo ankanenera. Layson ndiye anali kapitawo wa amisiri.

Lachitatu, poweruka kuntchito, Layson anadzera kwa amayi ake kudzamwa thobwa, n'kulankhula mongocheza.

"Mawa kuli chintchito, amayi. Tikuchotsa chimwala chija cha pakona, kuseri kwa nsungwi. Pa pulani ya agogo awo a Madamu palibe mwala pamenepo, pali ngalande yotsikira kudziwe. Tikachisuntha tiyamba kukumba."

A Zelifa anafunsa kuti ayamba nthawi yanji. Anangofunsa zokhazo. Ndipo Layson, monga amuna achitira, anatsiriza thobwa lake, anapukuta ndevu, n'kumapita osaona kanthu.

Pansi pa mwala umenewo panali mwana wawo.

Zinachitika zaka makumi asanu zapitazo, m'chaka cha mvula yoopsa. Iwo ndi malemu amuna awo a Raston, amene ankasamala maluwa a Liyawo, ankakhala m'kanyumba ka antchito kuseri. Mwana woyamba anabadwa ali chete. Mtayo, mwana wobadwa atafa kale, ndi nkhani ya amayi okha, ndipo njira ya kumanda inali itamira, choncho azamba ndi amayi ena awiri anamuika pakathengo kumalire a malo a bwanayo, kumene mpanda unali usanafike. Dzenje lake silinafike ndi m'bondo momwe, pakuti amati la mtayo likakuya mumakwirira ndi mimba ya mayi yomwe. Pobwerako azamba anawagwira a Zelifa pachibwano n'kuwapatsa malamulo: usalire, usamutchule, usamuwerenge, mwamuna asadziwe pamene wagona. Ukalakwira, amene akubwera m'mbuyo mwake sadzakhala. A Zelifa anasunga zonse. Anabereka Layson, n'kuberekanso ena atatu, onse amoyo, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti chisamba chawo ndi Layson. Amayi atatu aja anatha kufa. Anatsala ndi nkhaniyo ndi iwo okha, ndipo lilime limene lamangidwa zaka zonsezo silimasuka chifukwa choti mwana wabwera kudzamwa thobwa.

M'mawa mwake anavala chitenje cha kutchalitchi, nakwera kabaza. Ankaganiza kuti akafika adzamuitanira Layson pambali, anene chilichonse, ngakhale bodza, bola mwala usasunthe. Koma pachipata cha antchito anapeza loko, ndipo mlonda anali wa mtundu uja womvera malamulo kuposa amene anawapanga.

"Lero kuno sikulowa munthu, agogo, kuli ntchito yoopsa. Mukafuna kudimba mudzere m'nyumba ndi gulu la alendo."

"Ndine mayi wake wa kapitawo."

"Ndiye akapitawo omwewo ndi amene akhoma."

Gulu lake linali la aphunzitsi asanu ndi mmodzi ochokera ku Nkhunga, ndipo amene anaonapo aphunzitsi ali paulendo akudziwa kuti sadutsa chitseko osachifunsa mafunso. Wowatsogolera anali Sumaiya, mtsikana wa mpango wobiriwira amene analoweza mbiri ya nyumbayo ngati ndime ya ku madrasa. Anawaimika pakhomo lalikulu lofiira n'kuyamba.

"Mukuona chipupa ichi chaima mopingasa mukangolowa? Eni ake amati mizimu yoipa imayenda mowongoka, siitha kukhota. Ndiye nyumba yonseyi mulibe njira yowongoka. Ndipo thabwa lalitali ili pakhomoli musaliponde, mulilumphe."

Aphunzitsi anaseka, wina n'kupunthwa, wina n'kupempha kuti amujambule akulumpha. A Zelifa anadutsa osayang'ana pansi. Mwendo unakumbukira wokha. Sumaiya anawayang'ana kawiri.

Ali m'bwalo loyamba, pamene denga linasiyidwa lotsegula kuti mvula izigwera m'mitsuko ikuluikulu, anamva phokoso lochokera kuseri kwa zipupa. Nkhe, nkhe, chitsulo pamwala. Kenaka mawu a amuna akuyankhizana nyimbo ya ntchito. A Zelifa anali ndi mantha, mantha enieni.

"Mwanawe," a Zelifa anamukoka Sumaiya pamkono, "kudimba tifika nthawi yanji?"

"Posachedwa, agogo. Kwatsala zipinda zitatu."

"Sindingatsogole?"

"Zitseko ndimatsegula ndine, chimodzichimodzi. Mwatopa? Khalani apa."

Sanakhale. Anatsatira gulu m'chipinda cha mipando yosema, mmene mphunzitsi wina wa dazi anafuna kudziwa ngati mtengo wake ndi mlombwa kapena m'bawa, ndipo anzake awiri anakanganapo ngati pali amene akufuna kugula. Anatsatira m'chipinda chomwera tiyi. A Zelifa ankadziwa kabati iliyonse, ankadziwa pamene panali mng'alu umene tsopano unamatidwa bwinobwino, ndipo zonsezo analibe nazo ntchito. Ankangomvetsera kunja. Nyimbo ija ikaleka, mpweya wawo unkaleka nawo.

Chipinda chachitatu chinali chonunkhira lubani. Panali tebulo lalitali, ndipo pamwamba pake chithunzi chakale cha Liyawo, wowonda, atapinda buluku, tsache lili m'manja, kumbuyo kwake nsungwi ndi mbali ya mwala uja.

"Apa mukuona kudzichepetsa kwa mwini nyumba," anatero Sumaiya. "Anali ndi antchito ambiri, koma ankakonda kusesa yekha m'dimba mwake."

Kusesa yekha! Munthu uja sankadziwa ndi pamene matsache amakhala, ankachita kufunsa. A Zelifa anachiyang'ana chithunzicho, zonse n'kubwerera. Tsiku lachitatu chimuikireni mwana, iwo akutunga madzi m'mawa, anamva agalu akulimbana pakathengo paja. Lamulo linkawaletsa ngakhale kuyandikira. Amene anathamanga anali Liyawo, ndi nsungwi m'manja. Anabalalitsa agalu, anawerama, anaona chimene anaona, n'kubwezera dothi ndi manja ake. Poimirira anawapeza a Zelifa ali chilili ndi ndowa, mimba itaphwa, chilundu chitanyowa mkaka pachifuwa. Sanafunse. Mawa lake kunabwera ngolo ya ng'ombe zinayi ndi amuna khumi, atasenza chimwala cha maenjemaenje chochokera kunyanja, ndipo a Raston anabwera kunyumba akudandaula kuti bwana wapenga, watseka njira ya ngalande yake yomwe.

Kunja kunamveka mfuu ya amuna, ya chisangalalo, ija amafuula chinthu cholemera chikagwedezeka.

Sumaiya anali atangotsegula loko wa chitseko chomaliza kuti afotokoze za khomo lobulungira ngati mwezi. A Zelifa anamudutsa. Anamva akuitana m'mbuyo, osacheuka. Ndiye njira za Liyawo! Kamlatho ka padziwe kanali kokhotakhota, katatu kumanja, katatu kumanzere, ndipo nkhalamba yothamangira mwana wake inayenera kukhota monse ngati ndi mzimu woipa womwewo. Nsomba zofiira zinathamangira mthunzi wawo poyesa abweretsa chakudya. Anatukwana chamumtima, Mulungu awakhululukire.

Kuseri kwa nsungwi anapeza mwala utadzuka kale mbali imodzi. Layson anali atagwada pa jeke wa lole, akupopa. Amuna anayi anakoka zingwe zomangidwa pamwamba pa mwalawo kuti usabwerere, ena awiri anaupanira ndi zitsulo zazitali. Pansi pake panatseguka mpata wolowa mkono wonse, ndipo dothi la mmenemo linali lakuda, lonyowa, losaona dzuwa chiyambire. Makasu ndi mapiki anali atatsamira pampanda, akudikira.

A Zelifa anadutsa pansi pa chingwe chotchingira anthu, nakhala pansi, msana atautsamiza pamwala, mbali yomwe inadzukayo.

"Amayi!" Layson anasiya kupopa koma sanachotse dzanja pa jeke. "Chokanipo apo. Chinthuchi chikapulumuka chikuphwanyani miyendo."

"Ubwezere pansi."

"Mukuti chiyani?"

"Mwalawu ubwezere mmene unaliri."

"Amayi, chonde. Anthu akuona." Anatsitsa mawu. "Mwadzuka bwanji kodi? Mwamwa mankhwala aja?"

Zinawapweteka. Mwana amene anamusungira lamulo zaka zonsezi ankawayang'ana ngati munthu amene mutu wayamba kusokonekera. Mmodzi wa okoka zingwe anati manja ayamba kuterera, achite msanga. Jeke analira pang'ono, kachitsulo kakudandaula ndi katundu.

Madamu anafika akuthamanga, pepala lalikulu lachikasu lili m'manja, Sumaiya ali pambuyo, ndipo aphunzitsi aja ataima pamlatho makosi atatalika. Madamu analankhula Chingerezi mofulumira, Sumaiya n'kumasulira.

"Akuti agogo, pepani, apa ndi poopsa. Akufunsa ngati pali chimene chakukhumudwitsani."

"Uwauze kuti ine ndinagwira ntchito kwa agogo awo. Mwalawu asauchotse."

Madamu atamva anamwetulira mwaulemu, anagwada, n'kutambasula pepala lija pamaso pawo. Chala chake chinatsata kamzere kabuluu kochokera pakona mpaka kudziwe.

"Akuti iyi ndi pulani imene agogo awo anajambula ndi dzanja lawo. Ankafuna madzi aziyenda apa. Akuti mwala unawakanika chifukwa nthawi imeneyo kunalibe zipangizo, ndiye iwo akufuna kuwatsirizira zimene anazisiya. Akuti ndi ulemu wokhawo umene angawapatse."

"Mwalawu sunamere pano. Unabwera pangolo. Anaubweretsa ndi iwo omwewo."

Madamu anagwedeza mutu pang'onopang'ono, monga achitira munthu wosafuna kutsutsa wamkulu.

"Akuti munthu angatseke bwanji ngalande yake yomwe? Chifukwa chiyani?"

Funso linali limenelo, ndipo a Zelifa analizungulira monga anazolowera.

"Chithunzi chija chili m'nyumba. Agogo awo sankasesa dimba. Ankasesa pano pokha, kamodzi pachaka. Akatha ankaika kambale ka mpunga ndi kakapu ka tiyi apa, n'kuwerama katatu."

Sumaiya akumasulira, nkhope ya Madamu inasintha. Anafunsa mawu awiri okha.

"Akuti mwezi wanji?"

"Epulo. Sabata yoyamba, mpunga ukamabereka. Sanaphonyepo."

Madamu anavula magalasi. Anayang'ana mwala, anayang'ana mpata wakuda uja, ndipo atalankhula mawu ake anali aang'ono. Sumaiya anamasulira.

"Akuti kwawo masiku amenewo ndi osesa pamanda. Sasesa pena paliponse. Akufunsa kuti wagona apa ndani."

A Zelifa anayang'ana amuna asanu ndi awiri owazungulira, thukuta likutsika m'makosi.

"Layson, uwauze anthu akowa achoke. Nawenso uchoke. Nkhaniyi si ya amuna."

"Sitingathe, amayi." Layson sanasunthe. "Mmodzi akangosiya chingwe, mwalawu ukugwerani. Ine ndikachotsa dzanja apa, chimodzimodzi. Muyambe mwachoka inuyo."

"Ndikachoka mupitiriza."

Layson anabwezera maso pa jeke, pakuti zinali zoona, kapena ankaopa kuti ndi zoona. Ndipo a Zelifa anaona kuti njira zonse zatha. Akachoka osanena, makasu alowa, ndipo khasu lachiwiri kapena lachitatu lipeza zimene agalu analephera. Akanena, aphwanya lamulo pamaso pa amuna, pamaso pa mwana yemweyo amene lamulolo linkamuteteza, ali chogwada pansi pa mwala wolemera kuposa ng'ombe zinayi. Azamba anati wobwera m'mbuyo sadzakhala. Sananene kuti lamulo limatha mwana akamera imvi. Munthu wophunzira aseke ngati akufuna, koma a Zelifa anayang'ana dzanja la Layson pa jeke ndipo anaopa kuti mawu awo omwe awaphera mwana.

"Akapitawo, manja," anatero wa chingwe uja, mano atalumana.

A Zelifa anaika chikhatho padothi lakuda lija. Linali lozizira.

"Muli mwana wanga umu," anatero a Zelifa. "Woyamba. Anabadwa osalira. Tinamuika pano chifukwa kumanda kunali madzi. Agalu anayamba kufukula, ndiye agogo awo anaika mwala. Sanauze munthu, inenso sindinauze munthu. Ngakhale bambo ako, Layson, anapita osadziwa pamene wagona."

Anadikira. Mwala sunagwe. Jeke anangokhala mmene analiri, ndipo Layson anali wamoyo, akupuma, akuwayang'ana ndi maso amene sanawaonepo. Sumaiya ankamasulira monong'ona, misozi ikutsikira pampango, ndipo Madamu anapinda pulani ija kawiri, kanayi, mpaka inakhala kanthu kakang'ono m'dzanja lake. Amuna a zingwe anazolika nkhope. Wina wa zitsulo, Msilamu wachikulire wa ku Dwambazi, ananong'ona pemphero lake.

"Zaka zonsezi, amayi," anatero Layson.

"Anandiuza kuti ndikamutchula iweyo sudzakhala."

Layson anapukutira nkhope paphewa, pakuti manja onse anali otanganidwa.

"Anali mwamuna kapena mkazi?"

Palibe anawafunsapo funso limenelo. Ngakhale a Raston sanafunse, pakuti mwambo sunkalola.

"Mkazi. Anali ndi tsitsi lambiri."

Madamu ananena kanthu kwa Sumaiya, koma Layson sanadikire kumasulira, ndipo sanayang'ane kwa abwana ake kuti apemphe chilolezo. Anatembenukira kwa anthu ake.

"Tikutsitsa. Palibe nyimbo, palibe kugwetsa. Aliyense amvere ine. Pali achemwali anga apa."

Madamu ndi Sumaiya anawagwira a Zelifa m'khwapa, uyu uku uyu uku, n'kuwadzutsa. Anawasunthira pambali mapazi atatu okha, kupitirira apo anakana. Layson anayamba kumasula jeke, pang'ono, n'kuima, pang'ono, n'kuima, zingwe zikutsetsereka m'manja mwa amuna mosamala ngati akutsitsa bokosi. Mpata wakuda uja unkachepa. Misozi imene inaletsedwa m'chaka cha mvula chija inabwera tsopano, pamaso pa amuna, pamaso pa aphunzitsi a ku Nkhunga, ndipo panalibe azamba oti awagwire pachibwano.

"Pang'onopang'ono, mwanangu," anatero a Zelifa. "Sali patali. Sitinakumbe kwambiri."